Musanakongole za ukwati, tamvani za pakauntala ya nsalu

Inu amene mukukonzekera kulowa m'banja chaka chino, ndi inu makolo amene tulo tayamba kukusowani poganiza za zovala za patsikulo, senderani kuno ticheze. Nkhani yanga lero yachokera m'bokosi lachitsulo lomwe limakhala kunsi kwa bedi langa.

Masabata angapo apitawa mdzukulu wanga wamkazi adabwera kwathu kuno ku Bembeke ndi bwenzi lake kudzandionetsa pepala la zofunika pa ukwati wawo. Pepalalo lidali lodzaza mbali zonse ziwiri. Diresi la pachinkhoswe, loyera la kutchalitchi, lina losinthira kumadyerero, masuti a anyamata operekeza asanu ndi mmodzi, nsalu ya yunifomu ya akomiti, nsapato zitatuzitatu. Nditafunsa kuti ndalama yake ichokera kuti, mnyamatayo adayang'ana pansi n'kuti, "Agogo, tikongola kubanki m'khonde, yotsalayo kuli munthu wina wa katapila. Tidzabweza ndi za perekaniperekani."

Sindidayankhe msanga. Kunja kudayamba kuda, chifunga chidatsika, ndipo mtsikanayo, yemwe adabwera ndi kabulauzi kopyapyala ka m'tauni, adayamba kugwedeza chibwano. Ndidatsegula bokosi lija n'kumutulutsira chikhothi changa chaubweya, chobiriwira, cha mabatani akuluakulu. Atangochivala adakuwa: "Agogo, ichitu ndi vinteji! Zoterezi anzanga amachita kulimbirana pakaunjika!" Ndidaseka. Chikhothicho ndidagula m'chaka cha 1978, ndipo ndidalipira kwa miyezi inayi ndisadachivale n'kamodzi komwe. Mmene ndidachigulira ndi zimene ndikufuna ndikuuzeni.

Ndidayamba ntchito m'chaka cha 1976 m'sitolo ina yaikulu ku Old Town ku Lilongwe. Dzina lake ndilisunga, poti mwa zimene ndinene muli zokoma ndi zowawa zomwe. Apo n'kuti likulu la dziko litangosamuka kumene ku Zomba m'chaka cha 1975, ndipo Lilongwe idadzaza ndi ogwira ntchito m'boma ofuna kuoneka bwino. Kuchoka ku Dedza ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 85 okha, koma kwa mtsikana wokulira m'dimba la mbatata ya kachewere kudali ngati ndapita kunja kwa dziko.

Ana a lero mukamva zoti sitolo yaikulu mumaganiza za kukankha kangolo n'kumadzitolera nokha katundu. Kwathu sikudali choncho. Katundu ankakhala kuseri kwa kauntala, ndipo wogula ankachita kuloza. Sitolo imodzi yomweyo idali ndi mbali ya nsalu, mbali ya zovala zosokasoka, ya nsapato, ya ziwiya, ya mabulangete, ya njinga ndi mawailesi. Maina omwe ankamveka masiku amenewo adali Mandala, Kandodo, PTC ndi Bata. Mandala idali ya kampani ya African Lakes, yomwe idayamba m'chaka cha 1878, ndipo dzinalo lidachokera ku magalasi omwe ankavala John Moir, mmodzi mwa oiyendetsa oyamba. Kandodo idali ya London and Blantyre Supply Company. PTC ndiyo idali yatsopano, ya kampani ya Press. Akuluakulu omwe tidawapeza pantchito ankatiuza kuti nthawi ya atsamunda m'masitolo ena a azungu munthu wakuda sankalowa pakhomo lakumaso. Ankatero pofuna kuti tisamanyoze munthu wobwera wopanda nsapato, ati chifukwa dzulo lomweli wonyozekayo tidali ife tonse.

Ine adandiika ku nsalu. Pakauntala padakhomedwa ndodo yoyezera, sizasi idamangidwa kuchingwe kuti isayende, ndipo buku la malisiti lidali ndi kaboni pakati. Ndalama sitinkagwira ife. Tinkalemba lisiti, wogula n'kukalipira kwa keshiya, n'kubwerera ndi lisiti lodinda, ndiye timpatse katundu wake titakulunga m'pepala la khaki ndi kumanga ndi ulusi. Sabata yoyamba sadandilole kudula kanthu. Mayi wina yemwe adakhalitsa pamenepo adandiphunzitsa kaye kugwira nsalu. Ankanditsinzinitsa, n'kundipatsa chidutswa m'manja, n'kuti, "Mwanawe, tanena, iyi n'chiyani?" Ndikalakwa ankandimenya pang'ono pachala ndi pensulo. Patatha mwezi ndinkatha kusiyanitsa thonje, tetironi, jojeti ndi kirimpulini maso ali otseka.

Ntchitoyo sidali yofewa ayi. Tinkaimirira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kukhala pansi kasitomala ali m'sitolo udali mlandu. Poweruka ankatisecha zikwama pakhomo ngati akuba. Tsiku lowerengera katundu tinkachoka usiku, ndipo nsalu ikaperewera ankatidula kumalipiro. Ine adandidulapo kawiri, kamodzi chifukwa cha kukoma mtima kwanga komwe: ndinkaonjezera chala chimodzi pa muyeso uliwonse wa amayi akumudzi, osadziwa kuti zala makumi anayi zimakwana mita. Ndidalira, koma kuyeza ndidaphunzira.

Nsalu zambiri za tsiku ndi tsiku zinkachokera konkuno, kufakitale ya David Whitehead and Sons ku Blantyre, yomwe idayamba kuomba nsalu m'chaka cha 1967 ndi thonje lolimidwa m'dziko momwemuno. Zitenje, khaki, nsalu ya yunifomu ya sukulu, zonsezo zidali zathu. Zitenje zitatu zinkakwana chilundu, bulauzi ndi duku, ndipo mayi akavala zimenezo popita kutchalitchi ankayenda ngati pansi akuchita kupempha. Abambo ankasirira suti ya zidutswa zitatu ndi chipewa, monga mmene ankavalira Kamuzu. Atsikana a m'maofesi ankafuna kirimpulini chifukwa sinkafuna kusita. Vuto lake lidali limodzi: khala la mbaula likangoilumphira inkasungunuka ngati pulasitiki, moti kuno kwathu kootha moto madiresi ambiri a kirimpulini adafera pamphepete pa mbaula.

Koma chomwe chidandiphunzitsa zambiri si nsalu ayi, ndi anthu ogula. Pakauntala umaona banja lonse mmene lilili. Kudali abambo obwera okha kumapeto a mwezi, kugula zitenje ziwiri zofanana n'kuti, "Mukulunge padera-padera." Ife tinkangoyang'anana. Kudali obwera kuchokera kumigodi ya ku Joni, a Wenela kenako a Theba, omwe ankagula ngati ndalama zikuwawotcha m'thumba. Ndiye kudali anthu akwathu, a ku Bembeke, Linthipe, Lobi, Mayani ndi kwa Kasumbu, omwe ankabwera kamodzi pachaka akagulitsa mbatata, nyemba kapena mtedza ku Admarc. Adayamba kubwera ambiri boma litalamula m'zaka za m'ma 1970 kuti amwenye achoke m'matauni ang'onoang'ono akachite malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Masitolo ambiri omwe tidakula tikuwadziwa adatsekedwa kapena kusintha eni, ndipo wofuna nsalu yapamwamba ankayenera kukwera basi.

Anthu akwathuwa ankabwera ndi chingwe cha mfundo. Mfundo iliyonse lidali phazi la mwana: iyi ya woyamba, iyi ya wachiwiri, iyi ya chitsiriza. Bambo ankatulutsa chingwecho mosamala ngati ndalama, n'kupempha nsapato yoposa mfundoyo ndi chala chimodzi kuti mwana akulire momwemo.

Banja lina la kwa Kaphuka sindidzaliiwala. Adali achinyamata, ukwati wawo udali pafupi. Mtsikana maso adali pa jojeti yoyera, mnyamata pa suti yomwe tidaveka chidole cha pawindo. Ndidawawerengera mtengo. Adapita pakona pafupi ndi mabulangete, adanong'onezana nthawi yaitali, mtsikana adapukuta misozi kamodzi. Pobwerera adagula bulangete limodzi lalikulu, juzi ya aliyense, ndi mapoto awiri. Yotsalayo adaipereka ngati chiyambi cha malipiro a jojeti ija. Suti adaisiya. Mnyamatayo adati akabwereka jekete kwa amalume ake. Adabwera kawiri kudzapereka ndalama, ulendo wachitatu adanyamula nsalu yawo. Patapita zaka ndinkawaonabe, chingwe chawo chikuonjezera mfundo.

Chaka chomwecho kudali kalaliki wina wa m'tauni yemwe adali ndi akaunti m'sitolo mwathu, poti ogwira ntchito zolembedwa ena ankaloledwa kutenga katundu pangongole. Adatengera ukwati wonse pabuku: suti, nsapato, diresi, zovala za operekeza. Ukwatiwo ati udali wa dzaoneni, anthu adaukamba mwezi wathunthu. Chaka chotsatira, mwezi wa June, mkazi wake adafika pakauntala panga mwana wakhanda ali kumbuyo, m'manja muli nsapato zoyera za paukwati zija. Adandinong'oneza kuti, "Achemwali, sizingatheke kundisinthira ndi kashawelo ka mwana? Ndidangovala kamodzi." Malamulo sankalola kubweza katundu wovalidwa. Ndidamukaniza, ndipo mpaka lero ndikaganiza mmene adazikulungiranso nsapatozo mumpango, mtima umandipweteka. Malipiro a mwamuna wake ankathera kubuku lathu ndi kwa ena omwe adawakongola.

Tsono tamvetsani kusiyana kwake, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Njira yomwe adatsata a kwa Kaphuka aja, yomwenso ndidagulira chikhothi changa, tinkaitcha kusungitsa. Umasankha katundu, umapereka kandalama koyamba, ife n'kulemba dzina lako pakapepala, kukhomerera pakatunduyo ndi phini, n'kukaika kuchipinda chakumbuyo. Mwezi ndi mwezi umabwera kudzaonjezera. Chiwongoladzanja padalibe. Tsiku lomaliza kulipira ndi lomwe umanyamula, ndipo chovalacho chimalowa m'nyumba mwako chili chatsopano, chilinso chako. Pangongole zimatembenuka: umavala lero, ndipo pamene ukumaliza kulipira chovalacho chasuluka kale, mwinanso sichikukukwana. Kusungitsa kudali ndi ubwino winanso. M'miyezi yodikirayo mtima umazizira. Ambiri ankabwera mwezi wachiwiri n'kuti, "Ayi, ndaganiza bwino, ndalama ija muiike pa bulangete." Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Katapila alibe chipinda chakumbuyo choziziritsira mtima. Mukatenga K200,000 kwa munthu wofuna theka pamwamba pakutha pa mwezi, ndiye kuti mwezi ukatha akufuna K300,000. Mukalephera, chiwongoladzanja chija chimaberekanso chinzake. Banki m'khonde ndi yabwinoko, koma idapangidwira ndalama yokagwira ntchito n'kubwerera ndi phindu, monga feteleza kapena geni. Diresi la ukwati silibereka. Za perekaniperekani musaziwerengere zisadalowe m'mbale. Ndaona maukwati omwe anthu adavina mpaka fumbi koboo, koma powerenga ndalama n'kupeza kuti sizikukwana ngakhale kulipira zoimbira ndi holo.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti kale zonse zidali bwino. Ife makolo timakonda kuwakwapula ana ndi mawu oti "kale tinkavala modzilemekeza". Tizinena zoona: kudali lamulo. M'chaka cha 1973 boma lidakhazikitsa lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi oonetsa mawondo, ndipo amuna nawo sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Ife ogulitsa tinkachita kumukumbutsa mtsikana kuti aonjezere nsalu, kuopa kuti telala angamusokere chomugwiritsa ndi apolisi. Lamulolo lidathetsedwa m'chaka cha 1993. Mtima wake wokha ndiwo udatsalira mwa ena, mpaka mu January 2012 mavenda ena adavula amayi ovala mathalauza m'misewu ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre, chinthu chochititsa manyazi dziko lonse. Ngati pali cha kale choti tiwasiyire anawa, si tepi yoyezera siketi pabondo ayi. Tiwasiyire diso lodziwa nsalu ndi mtima wotha kudikira.

Masitolo aja adatha tikuona. Malonda atamasulidwa m'zaka za m'ma 1990, mabelo a kaunjika ndi nsalu zotchipa zakunja zidasefukira. Kauntala yathu ya nsalu idayamba kukhala tsiku lonse osadula mita n'imodzi yomwe, ndipo tsiku lina adatiitana kuofesi mmodzimmodzi. Ndidabwerera kumudzi ndi bokosi lachitsulo lija. Fakitale ya Whitehead idavutika mpaka idagulitsidwa kwa a Mapeto m'chaka cha 2003. Dzina la Kandodo lidangotsala m'kamwa mwa anthu polozerana njira. PTC nayo, itagulitsidwa ndi a Press m'chaka cha 2022, masitolo ake adatsekedwa.

Kaunjika adandilanda ntchito, komabe sindimunyoza. Ine ndidakula ndikuona ana a kuno ku Dedza akupita kusukulu m'mawa wa July atafunda kachitenje kong'ambika, milomo itachita kuuma, ndipo boma lathuli lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kuzizira kwake si kwamasewera. Kaunjika ndi amene adathetsa usiwa umenewo. Lero mwana wa mlimi ali ndi juzi ndi chipewa. Kungoti mitengo idakwera kwambiri, makamaka kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, kotero kugula mwachisawawa tsopano n'kutaya ndalama. Zimene adandiphunzitsa mayi uja ndi pensulo yake zimagwirabe ntchito pamulu wa kaunjika pa Chimbiya kapena pa Lizulu monga zinkagwirira pakauntala.

Chovala chilichonse yambani mwachitembenuza. Kukongola kwa kunja kusakunyengeni, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Onani msoko: ngati ulusi wake ndi wotalikirana, kapena mukakoka pang'ono mbali ziwiri ukuonetsa mano, chisiyeni. Onani ngati m'kati mudatsala nsalu yoti telala angafutukule mwini wake akanenepa kapena mwana akakula. Zovala zakale zinkasiyidwa ndi mpata umenewu, n'chifukwa chake chikhothi changa chakwana anthu a mibadwo itatu. Yang'anani m'khwapa, pakolala ndi pakati pa miyendo ya thalauza, poti ndi momwe chovala chimayambira kufa. Kenako chikwezeni kudzuwa. Pomwe kuwala kukudutsa kwambiri ndi pomwe padzabooke, ndipo pa juzi yaubweya timabowo ting'onoting'ono ndi ntchito ya njenjete.

Chitenje chili ndi mayeso ake. Tikitani pakona ndi zala: ngati pakutuluka ufa woyera ndipo nsaluyo yafewa nthawi yomweyo, kulimba kuja kudali kwa sitachi, mukachapa kamodzi chidzatsala ngati neti. Nyowetsani kansalu koyera ndi kupukutira pamtundu wake, mukaona utoto wakakamira dziwani kuti chidzasuluka n'kuononganso zinzake m'beseni. Fumbatani nsalu m'manja, muwerenge mpaka khumi, n'kutaya. Ikatsala makwinya okhaokha, ganizirani kaye za makala a simbi. Ndipo majuzi ndi zikhothi za ana gulani mu October kukutentha, pamene wogulitsa akungofuna zimuchoke. Mukadikira May mudzalimbirana ndi boma lonse.

Za ukwati, langizo langa kwa inu awiri ndi ili. Khalani pansi nokha, popanda akomiti, mulembe zomwe mudzafune m'nyumba mwanu m'chisanu choyamba: bulangete, majuzi, mphika, ndi kena kosungira mwana ngati Mulungu adzapatse. Zimenezo zilowe kaye. Zovala za patsikulo musankhe zoti mudzavalenso: suti yakuda kapena yabuluu imapita kutchalitchi, kumaliro ndi kokafunsira ntchito, pomwe yonyezimira ija imathera pachithunzi. Diresi loyera ngati lilipo lobwereka kapena la hayala, palibe adzakufunseni lisiti paguwa. Masitolo osungitsa adachepa, koma telala wanu mutha kupangana naye: mugule nsalu mwezi uno, ulusi ndi zipi mwezi wamawa, msoko mulipire potenga. Mukhozanso kusungitsa kwa inu eni, ndalama n'kumaiika padera mpaka ikwane.

Inunso makolo, makamaka ife amayi, tisamawakankhire ana kudzenje. Kawirikawiri si mkwati amene amafuna yunifomu ya akomiti, ndi ife, pofuna kuti a kwa apongozi aone. Ndiye ngongole ikayamba kuluma, ana akayamba kulozana zala kuti "ndiwe udafuna madiresi atatu", timathamangira kwa ankhoswe ngati sitikudziwa pomwe moto udayambira.

Usiku uja tidakhala pambaula mpaka makala adatha. Mdzukulu wanga adatenga cholembera n'kufufuta diresi losinthira ndi nsapato ziwiri. La chinkhoswe adati asoketsa la chitenje loti azidzapita nalo kutchalitchi. Za katapila adalonjeza kuti azisiya. Pa masuti asanu ndi imodzi aja mnyamata adakakamira, ati anzake adawauza kale, ndipo mayi ake sangamve zosiya yunifomu. Nkhani imeneyo taisiyira ankhoswe, akumana Loweruka likubwerali.

Chikhothi chija adapita nacho. Tidadzera nacho kwa telala wina wachikulire wa pakhonde paboma kuti asendeze mabatani, poti mtsikanayo ndi wochepa thupi kuposa mmene ndidalili ine. Telalayo adachitembenuza, adayendetsa chala pamsoko kuyambira paphewa mpaka pansi, n'kufunsa ngati tikugulitsa. Mdzukulu wanga ndi amene adayankha, ndisadatsegule pakamwa.